Mbiri ya Mtengo wa Kumphuno kwa Bwato la Matanga

Omvera amene anaonapo chithunzi cha ngalaŵa ya matanga ya makedzana adzakumbukira mtengo wautali wotulukira kutsogolo kwake ngati nyanga ya chipembere. Angerezi amautcha bowsprit, ndipo m'nkhani ino udzatchedwa mtengo wa kumphuno. Amisiri a mabwato ndi amalinyero akhala akutsutsana za mtengo umenewu kwa nthaŵi yaitali. Kodi ukaikidwa pa bwato laling'ono umalithandizadi kuthamanga ndi kumvera chiwongolero, kapena ndi chokometsera chabe? Mbiri yake ili ndi yankho, chifukwa mtengowu unalemekezedwa kwa zaka mazana ambiri, kenaka unatayidwa, ndipo pambuyo pake unabweranso kudzagwira ntchito ina.

Choyamba kumvetsa ndi chakuti bwato la matanga limakankhidwa paŵiri. Pamwamba mphepo imakankha matanga, pamene pansi madzi amakaniza thupi la bwato ndi chipsepse chake kuti lisatsetserekere cham'mbali. Mphamvu ya matanga ikachulukira kumbuyo, matako a bwato amakankhidwa ndipo mutu wake umatembenukira kumene mphepo ikuchokera. Zikatero woyendetsa amalimbana ndi chiwongolero tsiku lonse mpaka mkono kuŵaŵa, ndipo chiwongolero chopingasa m'madzi chimabweza liŵiro monga mmene phazi lokwekwereza pansi limachitira pa njinga. Apa ndi pamene mtengo wa kumphuno umagwira ntchito. Umapereka malo omangapo thanga kutsogolo kwenikweni, kupitirira pothera bwato, motero mphamvu ya mphepo imasendera kutsogolo ndipo bwato limaleka makani. Koma ukatalikitsa umabala vuto loposa loyambalo, pakuti mutu wa bwato umayamba kuthaŵa mphepo. Bwato lotembenukira kumphepo, chiwongolero chikapulumuka m'manja, limaima lokha matanga ali pepepe. Bwato lothaŵa mphepo limangoonjeza liŵiro ndipo likhoza kugubuduzika. N'chifukwa chake amisiri amasiyako dala makani pang'ono.

Pa 24 October 1492, Christopher Columbus analemba m'buku lake la ulendo matanga amene anatambasula pa ngalaŵa ya Santa Maria, ndipo pakati pake panali kathanga ka ngodya zinai kolendeŵera pansi pa mtengo wa kumphuno. Kathangako kankanyoŵa ndi mafunde nthaŵi zonse, koma kankathandiza kutembenuza mutu wa ngalaŵa. M'zaka zoyamba za m'ma 1700 malo ake anayamba kutengedwa ndi thanga la ngodya zitatu, lomangidwa pa chingwe chochokera kunsonga ya mtengowu kukwera ku mlongoti.

Mabwato ang'onoang'ono ndiwo anaukonda koposa. M'zaka zomwezo za m'ma 1700, m'magombe a ku England, ozembetsa katundu ndi okhometsa msonkho wa boma ankathamangitsana pa mabwato a mtundu umodzi otchedwa cutter, a mlongoti umodzi ndi mtengo wa kumphuno wautali zedi, umene ankatha kuukokera m'kati pakagwa namondwe kapena poloŵa pa doko. Chifukwa chake sichinali kukongola ai. Mlongoti wa nthaŵi imeneyo unali thunthu la mtengo lolemera, ndipo zingwe zougwira zinali zopota ndi luzi, zimene zimatamuka zikakokedwa. Mlongoti wotero sukanatalika kwambiri osathyoka kapena kupendeketsa bwato. Tsono wofuna matanga ambiri analibe njira yokwera nawo m'mwamba. Anayenera kuwayala m'litali, ena kutulukira kumbuyo, ena kutsogolo, ndipo thanga lalikulu lotulukira kumbuyo linkafuna linzake kutsogolo kuti bwato lisapotoke.

Opikisana anapitiriza muyeso. Pa doko la Sydney ku Australia, kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ankathamangitsa mabwato otalika mafiti 18 okha, koma mitengo yotulukira kutsogolo ndi kumbuyo inkachititsa kuti bwato lioneke ngati kachilombo kakang'ono pansi pa mulu wa nsalu. Anthu oposa khumi ankapanikizana m'menemo kuti kulemera kwao kuletse bwato kugwa.

Zonsezi zinali ndi mtengo wake wolipira. Thanga la kunsonga limayenera kutsitsidwa mphepo ikakula, monga mmene mwera umakulira pa nyanja ya Malaŵi m'miyezi yozizira, ndipo kale panalibe njira ina koma kuti munthu akwaŵe pa mtengowo, bwato likudumphira m'mafunde, iye n'kumamizidwa mpaka m'chiuno. Ambiri anakokoloka pamenepo, kotero kuti amalinyero a Chingerezi anaupatsa dzina lotanthauza wosandutsa akazi amasiye. Palinso unyolo kapena chingwe chochokera kunsonga kutsikira pa thupi la bwato pafupi ndi madzi. Chimenechi chikaduka mtengowo umathyokera m'mwamba, ndipo mlongoti, umene unadalira pomwepo, ukhoza kugwa nawo. Ngakhale kulemera kwake kokha, pokhala kumapeto kwenikweni, kumachititsa bwato kugwedeza mutu kwambiri m'mafunde.

Nkhani ya Joshua Slocum ndi yofunika kuimvetsera bwino pano. Iyeyu ndiye munthu woyamba kuzungulira dziko lonse lapansi ali yekha m'bwato. Ananyamuka ku Boston mu April 1895 pa bwato lakale la asodzi lotchedwa Spray, lotalika pafupifupi mafiti 37, limene analimanganso ndi manja ake. Atafika ku Buenos Aires, asanaloŵe m'nyanja zaukali za kumwera kwa South America, anadula mlongoti ndi mafiti 7 ndiponso mtengo wa kumphuno ndi mafiti 5. Sanauchotse, anangoufupikitsa, chifukwa munthu wopanda mnzake akagwa pamenepo palibe womuvuula. Ali m'mpata wa Magellan anaikanso kamlongoti kena kumbuyo, nagaŵa matanga ake kuti akhale ang'onoang'ono. Zotsatira zake zinadabwitsa amalinyero ambiri. M'chaka cha 1897 anayenda mamailosi 2,700 kuchokera ku Thursday Island kukafika ku zilumba za Cocos Keeling m'masiku 23, ndipo malinga ndi buku lake, nthaŵi yonse imene anagwira chiwongolero inali ngati maola atatu basi. Bwato linkadziyendera lokha chifukwa matanga akutsogolo ndi akumbuyo anali atalingana mphamvu. Wina anganene kuti mtengo wa kumphuno ndiwo unachita zimenezi, koma zoona zake n'zakuti unachita zimenezi utadulidwa.

Kugwa kwake kunadza m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Amisiri anaphunzira kumata matabwa ndi kupanga milongoti yamphako, yopepuka koma yaitali, yogwiridwa ndi waya wachitsulo. Thanga lalitali ndi loonda la mtundu wa ku Bermuda linafala, ndipo zinaoneka kuti limatha kuyendetsa bwato molunjika pafupi ndi kumene mphepo ikuchokera kuposa thanga lalifupi ndi lotambalala. Matanga atakwera m'mwamba, panalibenso chifukwa chowayalira kunja kwa bwato. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pa mpikisano wa ku Genoa m'dziko la Italy, Sven Salén wa ku Sweden anaonetsa thanga lakutsogolo lalikulu lofutukukira kumbuyo kupitirira mlongoti, m'malo motulukira kutsogolo. Pofika m'ma 1960, mabwato ochuluka opangidwa m'mafakitale ankatuluka opanda mtengo wa kumphuno. Eni ake sanadandaule, makamaka poti madoko ambiri amalipiritsa malo potengera utali wonse wa bwato, mtengowo n'kuŵerengedwa pomwepo.

Kodi tsono umaonjeza liŵiro? Pa bwato laling'ono lolemera, liŵiro limalekezera pa utali wa mbali imene ili m'madzi, ndipo mtengo wa kumphuno sutalikitsa mbali imeneyo ngakhale ndi chala chimodzi. Mphepo ikakhala yamphamvu, bwato lotero lafika kale pamapeto pa liŵiro lake, ndipo nsalu yoonjezera imangolipendeketsa. Phindu limaoneka mphepo ikafooka, pamene thanga lina lililonse limathandiza, ndiponso pa bwato lamakani lija lolimbana ndi chiwongolero. Koma mwini bwato lolingana kale bwino, akaukhomera chifukwa chosirira maonekedwe, amaliononga.

Kubwerera kwake kunayambira ku Sydney komwe kuja. M'zaka za m'ma 1980 mabwato a mafiti 18 anali atasanduka opepuka kwambiri, oyendetsedwa ndi anthu aŵiri kapena atatu, otha kutsetsereka pamwamba pa madzi. Poyenda motsatana ndi mphepo ankagwiritsa ntchito thanga lalikulu lopyapyala lofufuma, lotchedwa spinnaker, limene linkafuna mtengo wapadera wosunthidwa ndi manja nthaŵi iliyonse bwato likakhota. Amisiri a kumeneko, mmodzi mwa iwo Julian Bethwaite, anasintha kasokedwe ka thangali nalimangirira ku mtengo wautali wa kumphuno. Pamenepo limalandira mphepo yosatchingidwa ndi thanga lalikulu, limathandiza kuti mutu wa bwato usamire m'funde, ndipo pokhota amangomasula chingwe china n'kukoka chinzake. Bwato la 49er, limene Bethwaite analikonza, linaloŵa m'maseŵera a Olympics ku Sydney m'chaka cha 2000 lili ndi mtengo wotero.

Mabwato a anthu wamba anatsatira. Mu 1991 Rod Johnstone wa ku America anatulutsa bwato la J/105, lotalika mafiti 34 ndi theka, lokhala ndi mtengo wa kumphuno wa ulusi wa kaboni, wopepuka, wokhala m'chibowo m'kati mwa bwato. Anthu aŵiri okha amatha kukweza thanga limene kale linkafuna gulu. Palibe wokwaŵa pa mtengowo, ndipo mlongoti sudalira pamenepo. Amautulutsa ndi chingwe pamene akuyenda motsatana ndi mphepo, ndipo bwato likatembenuka kuti lilimbane nayo, amaukokeranso m'kati, monga ankachitira ozembetsa katundu a ku England aja pakagwa namondwe.