Njinga yamabatire ya ovutika kuyenda

Njinga yamabatire ya ovutika kuyenda ndi kagalimoto ka munthu mmodzi, ka matayala atatu kapena anayi, koyendera magetsi. Yoyamba kutchuka, Amigo, anaipanga Allan Thieme ku Michigan mu 1968. Zambiri zimakhala ndi mabatire awiri a mavoti 12 olumikizidwa kuti apereke mavoti 24, ndipo mabatirewo ndiwo amayamba kufooka. Mwiniwake amawatchaja akangobwera koyenda, osadikira kuti atheretu, amapukuta dzimbiri pamitu yake n'kumangitsa mawaya. Akatha ntchito, amasintha onse awiri limodzi. Njingayo ikakana kunyamuka, amayamba waona kachitsulo komasula mota, chifukwa kakatsalira pokankhira siyenda, kenako fyuzi. Matayala ampweya amafuna kupopa. Mabuleki ndi bokosi lowongolera magetsi zikawonongeka zimafuna makanika.