Mbiri ya hina: luso lophunziridwa pamiyendo ya amayi

Mu Disembala 2024, bungwe la UNESCO litakumana ku Asunción m'dziko la Paraguay, linalemba hina m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse. Maiko 16 a Aluya, kuphatikizapo Egypt, Morocco, Sudan, Oman ndi Yemen, ndiwo anapempha limodzi. Komatu amayi ojambula maluwa ofiirira m'manja mwa akwatibwi akhala akupatsirana lusoli kwa zaka zikwizikwi, popanda sukulu kapena satifiketi.

Hina ndi chitsamba chokonda malo otentha ndi ouma, chomwe akatswiri a zomera amachitcha Lawsonia inermis. M'masamba ake muli utoto wotchedwa lawsone, umene umakanirira pa tsitsi, zikhadabo ndi khungu lapamwamba. N'chifukwa chake hina sichoka ndi sopo. Imazimirira yokha khungu lakale likamafundula, pakapita sabata imodzi mpaka masabata atatu.

Umboni wakale kwambiri uli ku Egypt, kumene mitembo ina youmikidwa inapezeka ndi tsitsi lopakidwa hina. Umodzi mwa mitemboyi ndi wa Farao Ramesses II, yemwe anamwalira zaka zoposa 1,200 Khristu asanabadwe. M'Baibulo namonso, buku la Nyimbo ya Solomo limatchula maluwa a chitsambachi chifukwa cha fungo lake lokoma. Anthu a m'zipululu ankakondanso phala la masamba ake poti limaziziritsa zikhato ndi mapazi dzuwa likaswa mtengo.

Malonda ndi Chisilamu zinanyamula hina kupita nayo kutali, ndipo dera lililonse linaipatsa nkhope yakeyake. Ku India ndi Pakistan, kumene amaitcha mehndi, mkwatibwi amajambulidwa timizere tothinana, mbalame za pikoko ndi masamba opindika kuyambira kunsonga za zala mpaka m'zigongono, ndipo ena amabisamo dzina la mkwati kuti alifunefune. Aluya a ku Gulf amakonda maluwa akuluakulu otalikirana. Ku Morocco amajambula mizere yowongoka ndi makona, kawirikawiri pogwiritsa ntchito jakisoni wopanda nsonga yakuthwa. Ku Turkey, usiku wa hina ndi nthawi imene mkwatibwi amatsanzikana ndi kwawo akulira, amayi akumuimbira. Zombo zamatanga za pa nyanja ya Indian Ocean zinazika mwambowu ku Lamu, Mombasa ndi Zanzibar. Kuno kwathu hina imaoneka kwambiri pa Idi ndi pa maukwati a nikah, m'mabanja a Asilamu ndi a Amwenye ku Limbe, Lilongwe ndi Mangochi.

Wophunzira weniweni amayambira pa ufa, zojambula zimabwera pambuyo. Masamba ouma amaperedwa n'kusefedwa mpaka kusalala. Ufa wambiri wogulitsidwa m'maiko ena umachokera ku Sojat m'chigawo cha Rajasthan ku India, tauni imene hina yake inapatsidwa chizindikiro chotetezedwa ndi boma mu 2021. Ufawo amaukanda ndi madzi a mandimu kapena madzi wamba, n'kuthirako shuga kuti phala limamatire pakhungu, komanso timadontho ta mafuta a bulugamu kuti mtundu ude bwino. Kenako amalivundikira kwa maola angapo kuti utoto utuluke.

Kale amayi ankajambula ndi katimtengo kosongola kapena ndi chala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 kunafala kapepala ka pulasitiki kopindidwa ngati fanulo, kamene kanathandiza kuti mizere ikhale yopyapyala kwambiri. Mtsikana amayamba kuyeserera pa pepala kapena pa galasi: kadontho, kamzere kowongoka, kamzere kopindika, mobwerezabwereza mpaka dzanja lileke kunjenjemera. Akazolowera amapita pa dzanja la mng'ono wake, ndipo mkwatibwi amamupatsa pomaliza penipeni. Phala likapakidwa limakhala pakhungu maola anayi kapena kuposerapo. Akalikanganula, mtundu umayamba ngati wa lalanje, n'kumada pang'onopang'ono kwa masiku awiri.

Kudikira kumeneku n'kumene malonda a masiku ano akufuna kudumpha. Hina itatchuka ku Ulaya ndi America m'ma 1990, makamaka Madonna atatulukira nayo m'manja mu vidiyo ya nyimbo yake ya 1998, ogulitsa ambiri anayamba kusakaniza mankhwala odetsa tsitsi otchedwa PPD kuti zojambula zide bii m'mphindi zochepa. "Hina yakuda" imeneyi imatha kuwotcha khungu, kutulutsa matuza ndi kusiya zipsera, ndipo ena thupi lawo limadana ndi mankhwalawo moyo wonse. Ngakhale hina yeniyeni siyenera kupakidwa makanda, chifukwa kwa ana obadwa ndi vuto la magazi la G6PD, lomwe limapezeka kwambiri m'madera a malungo ngati kwathu kuno, imatha kuswa maselo ofiira a magazi.

Mtsikana amene akufuna kudya nalo lusoli aphunzire kukanda yekha phala, kuti kasitomala akafunsa zimene zili m'kati athe kutchula chimodzichimodzi. Nanunso opakidwa funsani musanatambasule dzanja, ndipo wojambula akalephera kuyankha, kanani.