Dzina la Pakhoma ndi Dzina la Pakamwa

Bambo anga adatsegula okala yawo ku Area 25 m'chaka cha 1987, m'mbali mwa kamsewu kafumbi kopita kumsika wa Nsungwi. Adali atangosiya ntchito kufakitale ina ya fodya ku Kanengo, ndipo ndalama zimene adalandira posiya ntchitoyo ndizo zidasanduka mpamba. Asanagule ngakhale katoni imodzi ya sopo, adaitana mnyamata wolemba zikwangwani kuti alembe pakhoma dzina la Chingerezi la mawu anayi, lothera ndi "Enterprises". Dzinalo ankalinyadira kwambiri. Koma pa zaka zonse zimene ndidakhala kuseri kwa kauntala ndikuthandiza kugulitsa, sindidamvepo munthu akulitchula. Amayi akamatuma mwana mchere ankangoti, "Thamangira kwa bambo a chipewa," poti bambo sankavula chipewa chawo chakhaki ngakhale dzuwa litalowa.

Zimenezi zinkawawawa. Ine ndidadzazindikira nditakula kuti iwo sadali oyamba kulandidwa dzina ndi makasitomala awo. M'chaka cha 1878 anthu ena a ku Glasgow adakhazikitsa kampani yomwe idadzatchedwa African Lakes, kuti izichita malonda kuno mogwirizana ndi amishoni. Oyendetsa ake adali pachibale, John Moir ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, ndipo anthu ataona kunyezimira kwake adamutcha Mandala. Dzinalo lidachoka pamunthu, lidapita panyumba imene adamanga ku Blantyre mu 1882, kenaka pamasitolo onse a kampaniyo, mpaka eni ake adagonja nayamba kuligwiritsa ntchito iwo omwe. Lero kuli dera lonse lotchedwa Mandala, ndipo ambiri okhala kumeneko sadziwa kuti akutchula magalasi a Mzungu wina amene adafa kalekale.

Ngakhale dera lathu lili ndi nkhani yake. Likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, okonza mzinda adagawa malo ndi kuwapatsa manambala. Pamapepala Kawale ndi Area 7, Biwi ndi Area 8, koma yesani kuuza kondakitala wa minibasi kuti mukupita ku Area 7, muone mmene akuyang'anireni. Ife a ku 25 ndi anzathu a ku 23 nambala idatikakamira, komabe mkati mwa dera timalozerana ndi maina ngati Nsungwi ndi Dzenza.

Mashelefu a okala yathu adali sukulu yanga yoyamba pankhaniyi. Sopo aliyense waufa adali "safu", chifukwa cha Surf. Mankhwala aliwonse otsukira mano adali "kolugeti". Chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi chidali Sobo, dzina lodulidwa kuchokera ku Southern Bottlers. Mwana ankatha kubwera n'kunena kuti, "Andituma kolugeti wotchipa uja," ife n'kumupatsa wa kampani ina, iye n'kupita wokhutira. Ndimaganiza kuti kampani ikafika pamenepa yapambana ndi kuluza nthawi imodzi: dzina lake lili pakamwa pa aliyense, koma ndalama ikulowa m'thumba la mnzake. Omwa mowa nawo adachita zawozawo. Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, koma pabala munthu ankangoitanitsa "girini", kutengera mtundu wa pepala la pabotolo. Kampani ya Castel idagula bizinesiyo mu 2016, girini adatsala girini.

Maina amene amandisangalatsa kwambiri ndi aja adabadwira m'chinenero chathu. Chipiku, komwe bambo ankakaoda katundu panjinga, lidamveka bwino kwa aliyense wodziwa kupikula. Chibuku, malinga ndi nkhani yotchuka, lidachokera ku buku limene Max Heinrich ankalembamo za kafulidwe ka mowa wake. Likuni Phala lidangotenga dzina la kumishoni ya Likuni, kufupi konkuno. Nanga Nali? Pabotolo la tsabola ameneyu adalembapo mawu awiri, "Abale samalani". Wina akadalemba kuti tsabola wathu ndi wokoma kuposa onse, tikadaiwala tsiku lomwelo. Iwo adatichenjeza ngati mmene amachitira mnzako pamphasa ya nsima, ndipo chenjezolo ndilo lidatikoka.

Mphamvu ya dzina ndidaionera pa Chishango. Bungwe la PSI lidayamba kugulitsa makondomu amenewa mu 1994, nthawi imene maliro a Edzi adali osatha m'dera lathu. Bambo adazengereza miyezi ingapo asanavomere kuwaika m'okala, poti adali mkulu wa mpingo. Atavomera, ndidaona chinthu chimene sindidachiiwale. Abambo amene sakadatha kutchula liwu loti kondomu pamaso pa mwana ngati ine ankatha kunena motsitsa mawu kuti, "Chishango chimodzi," ngati akugula machesi. Liwulo lidali laulemu, la makolo, lonena za kudziteteza pankhondo. Amene adalisankha adadziwa kuti chotchinga chachikulu sichidali mtengo koma manyazi. Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi mwa mwana wotsegula m'mimba, lidayenda njira yomweyo.

Kenaka kudabwera mafoni. Celtel idafika mu 1999, idasanduka Zain mu 2008, n'kudzasandukanso Airtel mu 2010. Agogo ena oyandikana nafe adapitiriza kufunsa mayunitsi a "Selotelo" mpaka tsiku lawo lomaliza. TNM itayambitsa njira yotumizira ndalama pafoni idaitcha Mpamba, liwu limene mayi aliyense wogulitsa tomato pa Nsungwi amalitchula m'mawa uliwonse. Idalinso nthawi imene makampani ankapenta makoma a maokala ulere. Anyamata a kampani ina adabwera ndi zidebe, bambo adavomera, ndipo pofika madzulo dzina lawo la Chingerezi lija lidali litakwiririka pansi pa utoto. Adaima kunja nthawi yaitali akuyang'ana khomalo. Malonda sadatsike ndi tambala yomwe.

Bambo adatisiya mu 2019. Okala idatsala m'manja mwa ine ndi achemwali anga, ndipo utoto uja tsopano wasuwa, moti dzina lakale layamba kuonekera pansi pake ngati chipsera. Achemwali akufuna dzina latsopano, lalifupi, loti lizioneka bwino pa WhatsApp ndi pa Facebook pomwe amatsatsira katundu. Mwezi watha adandiuza kuti, "Achimwene, bambo adapita, ndipo ana a masiku ano chipewacho sadachione." Akunena zoona. Ine ndidawayankha kuti dzulo lomwelo kamtsikana ka zaka zisanu kadabwera ndi ndalama m'manja, kakunena kuti amayi ake akatuma kwa bambo a chipewa.

Sitidagwirizanebe. Wolemba zikwangwani tidamuuza kuti abwere Loweruka, ndipo theka la ndalama tidamupatsa kale. Chipewa chija chili pamsomali kuseri kwa kauntala, pamwamba pa sikelo.