Tizilombo ta m'mimba mwa ng'ombe ndi matenda a bere

Matenda otupitsa bere, omwe madokotala a ziweto amawatcha mastitis, ndi amodzi mwa matenda amene amabwezera m'mbuyo ulimi wa ng'ombe za mkaka. Bere limatupa ndi kutentha, mkaka umachepa ndipo umatuluka ndi timibulu kapena magazi. Ng'ombe zambiri sizionetsa zizindikiro, kotero vutoli limadziwika poyeza mkaka: maselo akaposa 200,000 pa mililita imodzi, bere limaganiziridwa kuti lagwidwa.

Njira yodziwika kwambiri ya matendawa ndi kabowo ka kunsonga ya bere. Bakiteriya wa Staphylococcus aureus amafala kudzera m'manja ndi nsalu pokama, pomwe wa E. coli amakhala m'matumbo, amatuluka m'ndowe ndi kulowa m'bere ng'ombe ikagona m'khola lamatope.

Kafukufuku wa zaka zaposachedwa akusonyeza kuti vuto lingayambirenso m'mimba. M'chifu cha ng'ombe muli tizilombo tosawerengeka tothandiza kugaya udzu. Ng'ombe ikadya chakudya chochokera ku mbewu chochuluka koma udzu wochepa, asidi amachuluka m'chifumo. Tizilombo tina timafa n'kutulutsa poizoni wotchedwa LPS, yemwe amadutsa khungu la m'kati mwa chifu ndi matumbo n'kulowa m'magazi. Poizoniyu akafika ku bere amayambitsa kutupa ndi kufooketsa chitetezo chake.

Mu 2018, akatswiri a ku China adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya sayansi ya Microbiome. Iwo adatenga tizilombo ta m'ndowe za ng'ombe zodwala mastitis n'kutiika mu mbewa zoleredwa popanda tizilombo m'thupi. Mbewazo zidaonetsa kutupa kwa mabere, kusiyana ndi zomwe zidalandira tizilombo ta ng'ombe zathanzi.

Nkhaniyi ikukhudza alimi ang'onoang'ono a m'dziko muno omwe amadyetsera ng'ombe m'khola ndipo amadalira madeya pofuna kuchulukitsa mkaka, makamaka m'chilimwe pamene udzu wasowa. Mkaka wa ng'ombe yodwala ungakanidwe kumalo osonkhanitsira mkaka, ndipo wa ng'ombe imene ikulandira mankhwala opha tizilombo suyenera kugulitsidwa mpaka masiku olembedwa pa mankhwalawo atakwana. Apa mlimi amaluza pawiri.

Choncho uphungu wa alangizi uyenera kukhudza ukhondo ndi kadyetsedwe pamodzi. Khola likhale louma ndipo ndowe zichotsedwe tsiku ndi tsiku. Wokama asambe m'manja, aviike nsonga za bere m'mankhwala akamaliza, ndipo ng'ombe yodwala ikamidwe pomalizira. Madeya aperekedwe pang'onopang'ono pamodzi ndi nsenjere kapena udzu wouma wokwanira, ndipo chakudya chisasinthidwe mwadzidzidzi, makamaka ng'ombe ikangobereka kumene pamene chitetezo cha m'thupi chimakhala chochepa.