Mfuti m'manja mwa anthu wamba: lamulo la Zambia ndi mkangano wa m'chigwa cha Luangwa

Chinzombo ndi malo amene ali m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa pafupi ndi Mfuwe, m'dera la Mfumu Kakumbi, m'boma la Mambwe, kuchigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia. Pamalopa pali maofesi a nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire m'nkhalango ya South Luangwa ndi madera oizungulira. Mlimi amene njovu zamudyera munda amakatula dandaulo lake kumeneku, ndipo masikauti amabweretsanso kumeneku mfuti zimene alanda kwa anthu opha nyama mopanda chilolezo. Pa chifukwa chimenechi, funso lakuti kodi munthu wamba aziloledwa kusunga mfuti ndi kuyenda nayo limamveka kwambiri m'derali, makamaka m'miyezi imene chimanga, mapira ndi mpunga zikukhwima m'minda.

Mmene mfuti inafikira m'chigwa

Mfuti zinayamba kuchuluka m'chigwa cha Luangwa m'zaka za m'ma 1800 kudzera m'malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Achikunda ochokera kumtsinje wa Zambezi, Abisa ndi Aluya ochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa ankasinthanitsa mfuti, onga ndi nsalu ndi minyanga. Mfuti ya nthawi imeneyo inali gogodela, imene mlenje amathiramo onga ndi chipolopolo kudzera kukamwa kwake n'kutsendera ndi kachitsulo. Amisiri a m'midzi anaphunzira kuikonza ndi kuisula, ndipo m'mabanja ambiri inasanduka chuma chosiyirana.

Si mitundu yonse imene inaikonda. Angoni a Mpezeni ankadalira mkondo ndi chishango, ndipo mu 1898 anagonjetsedwa ndi asilikali a azungu amene anabwera ndi mfuti zachiwaya. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa chaka chomwecho. Izi zisanachitike, maiko a ku Ulaya anali atagwirizana kale ku Brussels mu 1890 zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'madera ambiri a Africa. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia linatsata njira yomweyo. Munthu wakuda ankatha kulembetsa gogodela, koma kupeza chilolezo cha mfuti yamakono kunali kovuta kwambiri kwa iye kusiyana ndi mzungu. Mbiri imeneyi ndi imene imachititsa akuluakulu ena m'midzi kuona malamulo a mfuti ngati chinthu chimene chinabwera kudzawalanda, osati kudzawateteza.

Zimene lamulo likunena

Malamulo oyendetsera dziko la Zambia satchula ufulu wokhala ndi mfuti pa mndandanda wa maufulu a nzika. Kukhala ndi mfuti ndi chilolezo chimene boma limapereka, ndipo lingathe kuchikana kapena kuchilanda. Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi Firearms Act, chaputala 110 cha malamulo a Zambia, limene linakhazikitsidwa mu 1969.

Malingana ndi lamuloli, munthu wofuna mfuti amayamba wapita kupolisi. Apolisi amafufuza khalidwe lake, chifukwa chimene akuifunira, ndiponso ngati angathe kuigwiritsa ntchito popanda kuika ena pangozi. Akakhutira amamupatsa chiphaso chimene amapita nacho kukhonsolo kukadula laisensi. Kawirikawiri wopempha amayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo, ndipo laisensi imakonzedwanso pakatha zaka zitatu. Mfuti iliyonse yololedwa imalembedwa m'kaundula wa apolisi. Gogodela nayo ndi mfuti pamaso pa lamulo, ngakhale itasulidwa m'mudzi. Kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ndi mlandu umene munthu angapite nawo kundende.

Kuba moopseza ndi mfuti ndi umodzi mwa milandu ikuluikulu m'dzikoli. Kale chilango chake chinali imfa, kufikira pa 23 Disembala 2022 pamene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa. Tsopano wopezeka wolakwa amalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Kwa anthu a ku Mambwe pali lamulo linanso, la Zambia Wildlife Act la mu 2015. Lamuloli linathetsa bungwe la ZAWA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, n'kubwezera ntchito yosamalira nyama ku nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife. Pansi pa lamuloli, laisensi ya mfuti si laisensi yosakira nyama. Wofuna kusaka amayenera kukhala ndi chilolezo china chotchula nyama imene waloledwa kupha, ndipo kulowa ndi mfuti m'nkhalango ya South Luangwa popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo limalola munthu kupha nyama yakutchire podziteteza kapena poteteza mnzake pamene moyo uli pangozi, koma amayenera kudziwitsa akuluakulu a zanyama mwamsanga, ndipo nyamayo ndi minyanga yake sizikhala zake.

Zaka zimene njovu zinatha

Dera la South Luangwa linatetezedwa mu 1938, ndipo linakhala nkhalango ya boma mu 1972. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Kum'mawa kwake kuli dera la Lupande, kumene anthu amakhala pamodzi ndi nyama pansi pa mafumu asanu ndi imodzi a Akunda: Mfumu Yaikulu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro.

Kalembera wa pandege wa mu 1973 anapeza njovu zoposa 80,000 m'chigwa cha Luangwa. M'zaka 15 zotsatira zambiri mwa njovuzo zinaphedwa. Mtengo wa minyanga unali utakwera, chuma cha Zambia chinali chitagwa pamodzi ndi mtengo wa kopa, ndipo mfuti zankhondo monga AK-47 zinkapezeka mosavuta chifukwa cha nkhondo za m'maiko oyandikana nawo monga Mozambique ndi Angola. Chipembere, chimene chinali chambiri m'chigwachi, chinatheratu, ndipo mu 1998 dziko la Zambia linalengeza kuti silinatsale nacho. Zipembere zina zinabweretsedwa ku North Luangwa kuyambira mu 2003.

Pofuna kuthetsa vutoli, boma la a Kenneth Kaunda linayambitsa ntchito ya LIRDP mu 1986, imene pambuyo pake inathandizidwa ndi dziko la Norway, ndiponso ndondomeko ya ADMADE yolemba achinyamata a m'midzi ngati masikauti. Mfundo yake inali yakuti mfuti ikhale m'manja mwa munthu wophunzitsidwa amene akuyankha kwa mudzi ndi kwa boma. Masiku ano masikauti a m'midzi amalembedwa kudzera m'makomiti a zachilengedwe a mafumu, otchedwa Community Resources Board.

Mfundo za ofuna mfuti

Ofuna kuti malamulo afewetsedwe amayamba ndi nkhani ya chakudya. Gulu la njovu lingathe kumaliza munda wa banja usiku umodzi, ndipo m'chilimwe limagumula nkhokwe ngakhale nyumba zimene muli chimanga. Mvuu zimadya mpunga ndi ndiwo zamasamba m'madimba, ndipo anthu amataya miyoyo chifukwa cha njovu, ng'ona ndi njati. Lamulo la zanyama silikakamiza boma kulipira mlimi pa mbewu zimene zaonongeka. Iwo amati sikoyenera kuti munthu aziyembekezera galimoto yochokera ku Chinzombo atangonyamula tochi ndi chitini chogogoda, pamene mudzi wake uli kutali ndipo misewu imaduka m'dzinja. Chilala cha mu 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinakulitsa madandaulowa chifukwa anthu ndi nyama ankalimbirana chakudya ndi madzi ochepa.

Mfundo yachiwiri ndi ya chilungamo. Alendo olemera amabwera ndi mfuti zamphamvu n'kupha nyama m'dera la Lupande movomerezeka chifukwa alipira, pamene mwini dera akapezeka ndi gogodela ya agogo ake amamangidwa. Ena amadandaulanso kuti ulendo wopita kupolisi ndi kukhonsolo, pamodzi ndi ndalama za laisensi, ndi zinthu zimene wamalonda wa m'tauni angakwanitse koma osati mlimi wa thonje.

Mfundo za otsutsa

Otsutsa amati mfuti imene yagulidwa kuti iteteze munda siikhala m'munda mokha. Imabwerekedwa, imabedwa, ndipo imapezeka pa mowa ndi pa mikangano ya malire a minda. Akatswiri a zanyama amanenanso kuti gogodela kawirikawiri siipha njovu koma imangoivulaza, ndipo njovu yovulala imakhala yolusa kwa aliyense amene yakumana naye. Ngakhale mfuti yamphamvu siipereka chitsimikizo. Mu Julayi 2025 alendo awiri achizimayi ochokera kunja anaphedwa ndi njovu m'nkhalango ya South Luangwa pa ulendo wapansi, ngakhale owaperekeza anaombera ndi kuivulaza.

Iwo amakumbutsanso kuti ntchito zambiri za ku Mfuwe zimadalira alendo odzaona nyama. Malonda amenewa anayamba mu 1950 pamene a Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kupatula malo osungirako nyama kuti ndalama za alendo zizipindulira anthu ake. Nyama zikatha, malo ogona alendo, misika ya ndiwo ndi ntchito za madalaivala nazo zimatha.

M'malo mwa zipolopolo, mabungwe ena akhala akulimbikitsa njira zina. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 motsogozedwa ndi a Dale Lewis, limalandira mfuti ndi misampha ya waya kuchokera kwa alenje amene asiya kusaka, n'kuwaphunzitsa ulimi, ulimi wa njuchi ndi ukalipentala, komanso kugula mpunga, mtedza ndi uchi wawo. Bungwe la Conservation South Luangwa, limene nalonso linayamba mu 2003, limathandiza magulu olondera minda amene amathamangitsa njovu poziombera tsabola, ndiponso kumanga nkhokwe zasimenti zimene njovu sizingagumule. Alimi ambiri amavomereza kuti njirazi zimathandiza, koma amati sizinafike m'mudzi uliwonse.

Mfuti ndi ndale

Ku Zambia nkhani ya mfuti sinagawe zipani monga mmene zilili ku America. Imabuka kwambiri pakachitika chiwawa. Mu Ogasiti 1997 a Kenneth Kaunda ndi a Rodger Chongwe anavulazidwa ndi zipolopolo pamene apolisi ankabalalitsa msonkhano ku Kabwe. Mu Novembala 1999 a Major Wezi Kaunda, amene anakhalapo phungu wa Malambo m'boma lomweli la Mambwe, anaomberedwa ndi kuphedwa pachipata cha nyumba yawo ku Lusaka. Mu Okutobala 2019 wotsatira chipani cha UPND anaomberedwa ku Kaoma pa nthawi yokopa anthu pa chisankho chapadera, ndipo anthu ambiri anafunsa mmene otsatira zipani amapezera mfuti. Pa 23 Disembala 2020 a Nsama Nsama, oimira boma pa milandu, ndi a Joseph Kaunda anaphedwa ku Lusaka pamene apolisi ankabalalitsa gulu la anthu. Imfa zimenezi zinaonetsa kuti funso la kagwiritsidwe ntchito ka mfuti limakhudzanso amene boma lawapatsa mfutizo.

Dziko la Zambia lili m'pangano la SADC loletsa kufala kwa mfuti, limene linasainidwa ku Blantyre mu Ogasiti 2001. Bungwe la African Union linasankhanso mwezi wa Seputembala, kuyambira mu 2017, kukhala nthawi imene anthu angapereke mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu.

Mmene zilili kumaiko ena

Ku America ufulu wokhala ndi zida unalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1791, ndipo bungwe la National Rifle Association, limene linayamba mu 1871, ndi limene limautetezera kwambiri. Mu 2008 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu aliyense payekha, ndipo mu 2022 linaonjezera kuti umakhudzanso kuyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba. Zigawo zoposa theka za dzikolo zimalola munthu kuyenda ndi mfuti yobisa popanda chilolezo chapadera. Kafukufuku wa bungwe la Small Arms Survey anapeza kuti mu 2017 ku America kunali mfuti 120 pa anthu 100 aliwonse, pamene ku Zambia inali pafupifupi imodzi pa anthu 100.

Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limafuna kuti munthu ayambe wapeza chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera. Mu 2021 boma linatulutsa maganizo ochotsa kudziteteza pa zifukwa zoperekera laisensi, ndipo eni mfuti pamodzi ndi zipani zina anatsutsa mwamphamvu.

Zoyenera kudziwa

Munthu amene wasiyiridwa mfuti ndi m'bale wake amene wamwalira sakhala mwini wake pamaso pa lamulo mpaka atapeza laisensi m'dzina lake, choncho ayenera kukadziwitsa apolisi. Mfuti ikasowa kapena kubedwa, mwini wake ayenera kukanena kupolisi msanga. Wokhala ndi mfuti yopanda laisensi angafunse kupolisi, kapena kudzera kwa anyakwawa ndi amfumu, za njira yoiperekera. Mlimi wa ku Lupande amene nyama zikumuvutitsa ayenera kudziwitsa masikauti a m'dera lake kapena maofesi a ku Chinzombo, chifukwa ndi akuluakulu a zanyama amene ali ndi mphamvu zogamula ngati nyama yovutayo ithamangitsidwe kapena iphedwe.