Sukulu ya Madokotala ya ku Ridgeway ndi Ana a M'makomboni

Zambia ikulandira ufulu mu 1964, nzika zimene zinali ndi digiri ya ku yunivesite zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo madokotala ambiri anali obwera kuchokera kunja. Yunivesite ya UNZA itatsegulidwa mu 1966, sukulu ya madokotala anaikhazika ku Ridgeway mu Lusaka, pafupi ndi chipatala chachikulu chimene lero timati UTH. Oyamba anamaliza maphunziro mu 1973.

Mabuku amene ankawerenga anali olembedwa kutali, koma odwala ogona m'mawodi anali a konkuno: a ku Matero, Kanyama, Chawama, George. Amenewa ndiwo anaphunzitsa aphunzitsi. Mu 1983 Anne Bayley, dokotala wa maopaleshoni, anaona kuti khansa ya Kaposi, imene ankaidziwa ngati nthenda yoyenda pang'onopang'ono m'miyendo ya abambo achikulire, yayamba kugwira achinyamata n'kuwatha msangamsanga. Edzi inali italowa mu Lusaka, ambiri asanamve n'komwe dzina lake.

Zaka zotsatira zinali zowawa, makamaka ku wodi ya ana. Mayi ankatsika minibasi mwana ali kumsana m'chitenje, khadi la kusikelo lili m'manja, mwanayo akupuma mobanika ndi chibayo. Ambiri ankabwerera kunyumba chitenje chili chopindapinda. Ma ARV anali okwera mtengo, osafikirika kwa wogulitsa tomato pa msika wa Soweto.

Apa mpamene ndimavulira chipewa Pulofesa Chifumbe Chintu, dokotala wa ana. Iye ndi anzake a ku London anayesa mankhwala akale, otchipa, amene aliyense m'komboni amawadziwa: Septrin. Ena ankakayika, poti tizilombo tambiri tinali titawazolowera kale mankhwalawo. Ana oposa 500 okhala ndi HIV analowa m'kafukufukuyo ku UTH, makolo awo atavomera. Zotsatira zitatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2004, zinaonetsa kuti kumwa Septrin tsiku lililonse kunachepetsa imfa ndi 43 peresenti. Kafukufukuyo anamuimitsa nthawi isanakwane kuti ana onse alandire mankhwalawo, ndipo bungwe la WHO linasintha malangizo ake.

Chintu anamwalira mu 2017. Dzina lake likudziwika, ndipo n'koyenera. Ine ndimakumbukiranso amayi aja, amene mayina awo sali m'magazini, amene ankadzuka mbandakucha, kudumpha matope a ku Kanyama nyengo ya dzinja, kuti mwana asaphonye tsiku lokaonedwa.