Kalata ikalowa m'positi sibwerera: mbiri ya Scotch Game

Anzathu amene mwayamba kuphunzira chess kuno ku Maryhill, mwina mwakumana kale ndi dzina loti Scotch Game. Imeneyi ndi njira imodzi yoyambira masewero. Woyera amakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu kufika pa e4, wakuda amayankha ndi e5. Woyera amatulutsa kavalo pa f3, wakuda pa c6, kenako woyera amakankha msilikali wa patsogolo pa mfumukazi kufika pa d4. Cholinga n'chakuti mulimbirane pakati pa bolodi msanga, njira za mabishopu ndi mfumukazi zitseguke. Nanga dzinali lidabwera bwanji?

Mu 1824, kalabu ya chess ya ku Edinburgh, imene idali ndi zaka ziwiri zokha chiyambireni, idagwirizana za mpikisano ndi kalabu yotchuka ya ku London. Nthawi imeneyo kudalibe njanji yolumikiza mizinda iwiriyi, lamya ndiye osanena. Mbali iliyonse ikagwirizana kasunthidwe kake, inkalemba kalata, ngolo ya akavalo n'kuinyamula ulendo wa masiku angapo. Mpikisanowo udatha mu 1828, zaka zinayi zathunthu pa masewero asanu basi. Edinburgh idapambana awiri, London amodzi, awiri enawo adafanana mphamvu.

Chodabwitsa n'chakuti amene adayamba kusewera d4 pa mpikisanowu si a ku Edinburgh ayi, koma a ku London, motsatira nzeru za John Cochrane, yemwe adali wa ku Scotland konkuno. Ngakhale iwowo sadaitulukire okha, pakuti Ercole del Rio wa ku Italy adali atailemba kale m'buku lake mu 1750. A ku Edinburgh ataiona adaikonda, adaitenga, n'kupambana nayo masewero omaliza. Dzina lidapita kwa amene adaigwiritsa bwino ntchito.

Pa masewero achiwiri padabuka mkangano. A ku London adaponya kalata, kenako n'kuzindikira kuti kasunthidwe kamene adalemba kawaika pamoto. Adapempha a positi kuti awabwezere kalatayo, adakanizidwa. Adalemba ina yofuna kusintha, koma a ku Edinburgh adati zimene zalembedwa zalembedwa. London idagonja masewero amenewo.

Lamulo la pa bolodi lero mzimu wake ndi womwewo: mukakhudza chidutswa chanu mwadala, muyenera kuchisuntha, ndipo mukachotsa dzanja ndiye kuti zatha. Amene tidakulira pa bawo sitikudabwa, eti? Ukayamba kutakata sungabwezere m'dzenje chifukwa waona kuti mnzako akudya.

Patapita nthawi akatswiri ambiri adaisiya njirayi n'kumakonda Ruy Lopez. Idadzukanso mu 1990 pamene Garry Kasparov adaisewera polimbana ndi Anatoly Karpov pa mpikisano wa katswiri wa dziko lonse, ndipo adapambana nayo masewero a nambala 16 ku Lyon.

Choncho ngati mukusowa poyambira, yambani ndi kasunthidwe katatu kameneka. Musangoloweza, dzifunseni kuti d4 ikutsegulira ndani njira. Ndipo dzanja likamayabwa, likhazikeni kaye pabondo, muone chimene mnzanu angayankhe. A ku London adaganiza kalata itapita kale, ndipo chikho cha siliva chidapita ku Edinburgh.